Masiku Atatu Amene Daliso Anazungulira ndi Atate

Nangongwe,
Kafue.
14 Seputembala 2025

Wokondedwa mlongo wanga Christine,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Mangalande, iwe ndi alamu anga ndi ana? Ndikhulupirira kuti msana uja umadandaula nawo chifukwa chonyamula odwala wayamba kumvera mankhwala. Kuno tadzuka. Amayi ali bwinoko, kungoti miyendo imatupa akakhalitsa pampando. Mchere tinawaletsa, koma ali ndi wawo wobisa m'kachitini, ndipo tonse timachita ngati sitikudziwa. Kutentha kwayamba kale, fumbi lili koboo.

Udabwa kuti ndakulembera kalata pamene timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Pafoni ndayesa kanayi konse. Ukangondipatsa moni kuti, "Ba Fackson, muli shani?" ine lilime limathawira ku nkhani za mvula ndi za sukulu ya ana. Ndiye ndapatsira mnzako Jasmine pepalali poti akubwerera kumeneko Lachitatu. Usawerengere kuntchito. Ukafike kunyumba, ukhale pansi.

Nkhani ndi ya maliro a atate, ndi ya mng'ono wanga Daliso, amene dzina lake sunalitchulepo kuyambira Okutobala wa chaka chatha. Zina ukuzidziwa, koma iwe unaona kumapeto kokha. Ndilole ndiyambire kumene zinayambira.

Ntchito yanga yonyamula maliro kupita nawo kumidzi ukuidziwa, ndi ngolo yozizira ija ndimakoka kumbuyo kwa galimoto. Miyezi iwiri atate asanatisiye ndinachotsa mabatire akale m'ngolomo n'kugula awiri a lithiyamu, amakono aja, opepuka, osafuna kuthira madzi. Ndinagula m'tauni kwa mayi wina wogulitsa zipangizo za sola, dzina lake Emelia.

Pamodzi ndi mabatirewo anandipatsa kabokosi ka tchaja yapadera. Anati kameneka kayenera kukhala pakati pa galimoto ndi ngolo, ndipo ndikoke waya wonenepa kuchokera ku injini mpaka kumbuyo. Anati popanda zimenezo mabatire a lithiyamu sadzaza poyenda. Anabwereza kawiri, mpaka analemba pakatoni.

Ine ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Zaka makumi awiri ndikugwira mabatire, asidi atandibowolera mathalauza osawerengeka, lero ndiphunzitsidwe ndi munthu amene ndinamuona akupita ku pulayimale? Ndinati zikomo, ndamva. Nditafika kunyumba ndinaponya kabokosiko pamwamba pa kabati, mabatire ndinalumikiza ku kawaya kakang'ono ka pulagi ya ngolo, monga ndinkachitira ndi akale aja. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Kwa miyezi iwiriyo sindinaone vuto, chifukwa ndinkatchajiratu pakhoma magetsi akabwera, ndipo maulendo anali a tsiku limodzi. Ndinayamba kudzitama kwa anzanga kuti kabokosi kaja ndi njira chabe yodyera anthu.

Atate anamwalira Lolemba m'mawa. Unalira pafoni, n'kunena chinthu chimodzi chokha, chakuti tisawaike usanaone nkhope yawo. Unati patha zaka zisanu ndi chimodzi ukuwaonera pagalasi la foni. Ndeke yoyamba imene unapeza inali yofika Lachisanu masana. Ndinakulonjeza kuti udzawapeza ngati agona tulo.

Ukumbukire mmene chaka chimenecho chinalili. Chilala chija chinatisiya mumdima, magetsi akabwera ndi maola atatu patsiku, ndipo sabata imeneyo kuno kwathu sanabwere n'komwe. Kumochale kunali kodzaza. Anatiuza mwaulemu kuti tiike Lachiwiri, apo ayi tipite nawo ku Lusaka. Zobaya mankhwala atate anakaniratu ali moyo. Ankati zaka makumi atatu apuma mankhwala ku fakitale ya feteleza, akwana, asawawonjezerenso ena atafa.

Amalume a Yotamu anati tipite nawo ku Lusaka, kumene kuli malo osungira okhala ndi majenereta akuluakulu. Ndine ndinakana. Ndinaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti mwana wawo woyamba ali ndi ngolo yozizira, atate sangakagone pakati pa anthu achilendo ngati alibe ana. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, Christine. Azimayi ena mpaka anavomereza ndi mitu.

Amalume anafunsa kuti nanga mabatire tidzatchaja ndi chiyani popanda magetsi. Ndinayankha kuti galimoto ikamayenda imatchaja yokha. Pangofunika munthu woti aziikoka ngoloyo maola angapo m'mawa ndi masana, basi. Ine sindikanatha kuchoka pamaliro poti ndine wamkulu, aliyense wobwera ankafuna dzanja langa. Daliso ndiye anadzipereka.

Nthawi imeneyo n'kuti atatha chaka ndi miyezi inayi osalawa mowa. Ankapemphera kumpingo wa achinyamata uja wa kuseri kwa msika, anali atamupatsa udindo wolandira anthu pakhomo, ndipo mkazi wake Joy anali atayambanso kuseka. Koma mbiri yake yakale inali ikadali m'kamwa mwa anthu. Nditamupatsa makiyi, azakhali ena anatsokomola mwadala.

Lachiwiri masana tinagoneka atate m'ngolo, mabatire ali odzaza. Daliso ananyamuka. Ankatuluka mu Nangongwe, kudutsa m'tauni pa siteshoni ya sitima, kulowera ku mafakitale, kubwerera mpaka ku mlatho, kenako kukwera msewu wa ku Lusaka n'kutembenuka. Akafika ankamwa madzi n'kuyambanso. Akuluakulu anang'ung'udza kuti maliro sayendayenda, koma amayi anati musiyeni, bambo ake sankakonda kukhala pakhomo.

Akabwera ine ndinkapita ndi mita yanga ya magetsi kukayeza mabatire. Apa ndiye pali mutu wa nkhani, uwerenge bwino. Batire lakale likadzaza limaonetsa 12.6, ndipo likamatha nambala imatsika pang'onopang'ono, munthu umaona kuti zinthu zikuipa. Lachiwiri mita inaonetsa 13.2. Lachitatu inaonetsa 13.0. Lachinayi masana inaonetsa 12.7. Ine ndi nzeru zanga zakale ndinati ngakhale latsika, likadali lodzaza ndi kusefukira. Ndinamusisita Daliso paphewa, ndinati pitiriza.

Sindinkadziwa kuti lithiyamu satero. Nambala yake imangokhala pamwamba ngakhale mphamvu ikupita, ndipo ikafika pamene ndinaiona Lachinayi paja ndiye kuti zatsala nyenyeswa. Likatha silichenjeza, limangodzitseka lokha. Ndipo filiji ya m'ngolomo ikazima siyaka mpaka munthu aisindikize.

Ndinalamulanso kuti kuyambira Lachinayi masana chitseko cha ngolo chisatsegulidwe, kuti kuzizira kusatuluke. Ngoloyo tinkaiimika kuseri, pabwalo la galaja yanga. Kutsogolo kwaya inkaimba, anthu ali pikitipikiti, ndipo palibe amene akanamva kuti kamakina kasiya kulira.

Lachisanu m'mawa, cha m'ma 8 koloko, ine ndi amalume tinapita kuti tikawasambitse ndi kuwaveka suti yawo iwe usanafike. Tisanafike n'komwe pangolo ndinaona ntchentche pachitseko. 

Zimene tinaona titatsegula sindilemba. Ndiwe namwino, ukudziwa zimene dzuwa la Okutobala limachita m'chitsulo chotseka kwa maola onsewo. Amalume, munthu amene waika maliro osawerengeka, anatuluka n'kukagwira mpanda. Atapeza mpweya anati bokosi likhomedwe nthawi yomweyo, ndipo asaone wina aliyense, ngakhale amayi.

Nkhani inafika kutsogolo ife tisanafike. Anthu anaunjikana. Mayi wina wa m'kwaya ananena mokweza kuti dzulo lake masana anaona galimoto ndi ngolo yake zitaima kumtsinje, pafupi ndi timabala tija ta asodzi. Maso onse anatembenukira kwa Daliso.

Pamenepo ndiye ndinachimwa, mlongo wanga. Mtima unali utandiuza kale za kabokosi kali pamwamba pa kabati. Koma ndinayang'ana anthu aja anandivomereza ndi mitu Lolemba, ndipo ndinatembenukira kwa mng'ono wanga n'kumufunsa kuti anaimika kuti galimoto dzulo. Sindinanene kuti wamwa. Ndinangofunsa funso limenelo, anthu anamaliza okha.

Daliso anati, "Ba Fackson, nenze kuyendesa. Ninaimako chabe pang'ono paja badadi benze kukonda kuwedza, injini sininazimye. Sininamwe olo kang'ono." Wina anaseka. Wina anati chidakwa chili ndi mawu okoma nthawi zonse. Joy anaphimba nkhope ndi chitenje. Daliso anandiyang'ana ine, kudikira kuti ndinenepo kanthu, ndipo ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Nditamasula ngolo ndinalowa m'galimoto kuti ndidzakutenge ku bwalo la ndeke. Maso anagwa pa nambala ya makilomita. Ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamapereka makiyi, ndi chizolowezi cha ntchito. Inali itawonjezeka ndi makilomita mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi. Munthu wokhala pabala sangayende mtunda wotere. Ndinaona, ndinaliza injini, ndinabwera kudzakutenga.

M'njira ukumbukira kuti unandifunsa ngati atate aonda kwambiri, ngati ndevu zawo tameta. Ndinakuuza zoona tili pafupi kufika, koma ndinakuuza ndi dzina la Daliso mkati. Unafika, unagwa pabokosi lokhomedwa, unakanda chivundikiro mpaka chikhadabo chinathyoka. Kenako unadzuka n'kumuuza pamaso pa mpingo wonse kuti wasinthanitsa nkhope ya atate ndi botolo, ndipo kuyambira tsiku limenelo uli ndi mlongo mmodzi yekha. Mlongo mmodziyo anali ataima pambali pako, akukugwira mkono kuti usagwe.

Tinaika masana omwewo mothamanga. Daliso sanaponyeko dothi. Anaima patali, kuseri kwa manda a anthu ena.

Mu Disembala ndinabwerera kwa Emelia ndi galimoto ndi ngolo. Ndinanama kuti kasitomala wina akudandaula. Anapana mita yake pakawaya kaja injini ikulira, n'kundionetsa. Mphamvu yolowa m'mabatire sinkafika ngakhale theka la imene filiji imadya. Batire la galimoto litadzaza, galimoto inachepetsanso yokha, mpaka mphamvu inayamba kubwerera kuchoka kungolo. Anati, "Ba Fackson, aka kawaya ni ka malaiti ya kumbuyo. Olo muyende mpaka ku Nakonde, mabatire siyangazule. Nanga kabokosi kaja munaika kuti?"

Za maliro athu anali atamva, Kafue ndi yaing'ono. Anandiyang'ana, kenako anakulunga mawaya a mita yake. Tsiku lomwelo ndinamanga kabokosiko ndi waya wonenepa. Inali ntchito ya maola anayi okha.

Kuyambira pamenepo ndinalibenso pobisala ngakhale mumtima mwanga, koma ndinakhalabe chete miyezi ina isanu ndi inayi. Ndinkadziuza kuti amayi ali ndi matenda a mtima, kuti bizinesi ingafe anthu akamva, kuti zapita zapita. Zonsezo ndi zifukwa za munthu wamantha. Ndinkaopa iwe. Ndinkaopa kuti mawu aja unamuuza Daliso udzandiuza ine.

Tsopano imva zimene kukhala chete kwanga kwachita. Kumpingo anamuchotsa pakhomo, anati akhale kaye kumbuyo mpaka alape. Anakana kulapa chimene sanachite, iwo anati ndi kuuma mtima. Kumene ankayendetsa minibasi mwini wake anamulanda makiyi, anati munthu woledzera atanyamula bambo ake angalekerenji atanyamula anthu wamba. Sabata yachitatu izi zitachitika anabwera kunyumba akudzandira. Aliyense anati mwaona, tinanena ife. Joy anapirira mpaka Isitala, kenako anatenga mwana n'kubwerera kwa makolo ake.

Daliso anakwera bwato n'kupita kumisasa ya asodzi kumtunda kwa mtsinje. Ndinkamva za iye kwa azimayi ogula nsomba. Mwezi watha mmodzi wa iwo, dzina lake Yande, anandiimitsa pamsika. Anati ngati ndikufuna kuona m'bale wanga ali ndi mpweya ndifulumire, akutsokomola magazi. Anati anamukokera kuchipatala, anamupeza ndi chifuwa chachikulu, anamupatsa mankhwala, koma iye anawasiya m'thumba osamwa.

Ndinapita Lachiwiri lapitali. Ndinamupeza masana atakhala pabwato logubuduza, akusoka ukonde wa munthu wina. Christine, ndinamudutsa osamuzindikira. Ndi iye anandiitana. Malaya akungolendewera, mawondo ngati zibakera.

Ndinagwada m'matope pamaso pa asodzi, ine mkulu wake, ndipo ndinamuuza zonse, za kabokosi, za kawaya, za makilomita. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanakondwa. Iye anangopitiriza kusoka. Anati ankadziwa kuti anayendetsa, ndipo ankadziwa kuti ine ndikudziwa. Ndinamufunsa chifukwa chake sanalimbane nane pamaso pa anthu. Anati, "Nindani angamvele chakolwa? Elo bamami benze kufunika mwana umozi wamene bangadalile. Ine nenze ninaonongeka kale."

Ndinamupempha kuti tibwerere limodzi, akayambe mankhwala, akhale kwanga. Anapukusa mutu. Anati za anthu a kumpingo ndi a minibasi alibe nazo ntchito. Anati mawu amene amamulepheretsa kumeza chilichonse, kaya chakudya kaya mapiritsi, ndi ako. Iwe ndiwe unkamubereka kumbuyo popita kusukulu, iwe ndiwe unamulipirira maphunziro oyendetsa galimoto pamene tonse tinali titamutaya. Anati ngati Christine ali ndi mlongo mmodzi, iye achirire ndani?

Nditadzuka kuti ndizipita anandigwira mwendo wa thalauza. Anati pali chinthu wakhala akusungira iwe chaka chonsechi. Masiku atatu aja, tsiku lililonse asananyamuke, ankatsegula ngolo mwachangu n'kuwapukuta atate kumaso ndi kansalu, n'kuwauza kumene apite tsikulo. Lachinayi m'mawa ndi iye anawaona komaliza ali bwinobwino. Ine sindinalowemo chiwagonekereni, ndinkangoyeza mawaya kunja. Amayi sanalowemo, ankadikira kuti mudzalowe limodzi.

Anati akukumbukira zonse, mmene pakamwa panakhalira, mbali imene mutu unapendekera, chimene chinali pamphumi pawo. Ndinamupempha kuti andiuze ndikulembere. Anakana. Anati zimenezo si zanga, adzauza iwe wekha ndi pakamwa pake, ukadzafuna kumva.

Amayi ndinawauza nditangobwerako. Sanalire, sanandikalipire. Anandifunsa ngati Daliso ali ndi bulangete, kenako analowa kuchipinda. Mpaka lero chakudya chochokera kunyumba kwanga akuchibweza. Amalume a Yotamu ndawauza dzulo, ndipo Lamlungu likubwerali ndikaimirira kumpingo wa Daliso ndi kwathu komwe, ndikanene pamaso pa anthu. Kwa makolo a Joy ndipita ndi amalume. Zimenezo ndi zanga, ndizisenza.

Koma chimene chingamuchotse kumtsinje kuja sichili m'manja mwanga. Sindikupempha kuti undikhululukire. Ngati ukufuna kukhala ndi mlongo mmodzi, khala naye, koma akhale woyenera. Mawu aja unanena pamaliro anali olondola, anangogwera munthu wolakwika, ndipo mwini wake ndi amene akulemba kalatayi.

Daliso alibe foni. Nambala ili m'munsimu ndi ya Yande. Amafika kumsasako Lachiwiri ndi Lachisanu cha m'ma 10 koloko m'mawa, nthawi ya kuno, ndipo wavomera kuti ukaimba adzamupititsira foni. Amakhalako maola awiri okha. Ndiwe namwino, ndakuuza mmene alili, masabata ake uwerenge wekha. Usadikire kuti mkwiyo wako pa ine uyambe watha, chifukwa sadzafika kumeneko. Ukaimba usavutike kufuna mawu. Umufunse chabe kuti atate ankaoneka bwanji.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Collins ndi kwa ana onse. Uwauze kuti amalume awo a Daliso amawafunsa mayina mmodzimmodzi. Amayi akanakupatsa moni akanadziwa kuti ndikulemba, koma masiku ano sitilankhulana. Mulungu akusunge, akulimbitse mtima powerenga izi, ndipo asunge mng'ono wanga kufikira Lachisanu.

Ndine mlongo wako, ngati ungalole kuti ndidzitchulebe choncho,

Fackson